KULONJERA MTIMA

Mwa miyambo yonse imene makolo athu anatisiyira, palibe wina umene tiusunga mokhulupirika koposa mwambo wa malonje. Munthu akadzuka mamawa sagwira khasu asanafunse a m'nyumba mwace m'mene agonera. Akakomana ndi mkulu pa njira apatuka, naomba m'manja, nati, "Mwauka bwanji?" Pobwera ku munda madzulo afunsanso, "Mwacoma bwanji?" Ndipo wopitirira mnzace osampatsa moni timuyesa wamwano, kapena tinena kuti ali naye cifukwa. Tikawerenga bwino tidzapeza kuti munthu wa pa mudzi alonjera anthu makumi awiri kapena atatu dzuwa lisanalowe. Koma alipo mmodzi amene agona naye pa mphasa imodzi, nadya naye m'mbale imodzi, nayenda naye njira zace zonse, ndipo zipita zaka osamfunsa konse kuti ali bwanji. Ameneyo ndiye mtima wace wa iye mwini.

Funso limene ndifuna kuti tilingalire pamodzi, abale ndi alongo, ndi ili: kodi nkoyenera kuti munthu apatule kanthawi tsiku ndi tsiku, akhale pansi, nadzifunse yekha za m'kati mwace? Funsoli lioneka laling'ono, koma alipo anthu anzeru zao amene ayankha kuti iai, ndipo zifukwa zao ziri zitatu. Ena ati kutero ndiko kudzikonda. Munthu wabwino asamalira ana, odwala ndi alendo, ndipo alibe nthawi yakudziyang'anira yekha monga namwali pa kalirole. Ena ati mwamuna salira, ndi kuti zowawa za mumtima zicepa ukazinyalanyaza, monga cilonda cimene cipola ukaleka kucikanda. Enanso ati, tinawaona anthu amene anayamba kukhala okha ndi kuganiza, ndipo anaonda, naleka kudya, ena nasokonezeka mutu. Tisapeputse mau amenewa, pakuti ali yense wa atatuwa waona kanthu ndi maso ace. Tiwayankhe mmodzi mmodzi.

Wolipira mlandu ndani?

Taganizani za munthu amene wapita ku msika ndi matumba ace a cimanga. Wogula wamuuza mtengo wocepa, namnyoza pamaso pa anthu, ndipo iye sanathe kuyankha cifukwa ali ndi ngongole ya feteleza imene iyenera kubwezedwa. Njira yonse yobwerera ayenda ali cete. Anzace akamfunsa ati, "Ndiri bwino." Afika pakhomo dzuwa litapendeka, asanadye kanthu ciyambire mamawa. Mwana wace wamng'ono, pobwera ndi madzi osamba m'manja, apunthwa nawataya pa mphasa. Pomwepo bambo uja anyamuka nammenya kolimba, nakalipira amace a mwanayo kuti sadziwa kulera ana. Usiku umenewo nyumba yonse igona ndi misozi.

Tsono tifunse: mwanayo wamenyedwa cifukwa ca madzi kodi? Madzi atayika masiku ambiri m'nyumba imeneyo popanda ndeu. Mwanayo walipira mlandu wa wogula cimanga uja, amene pa nthawi yomweyo ali kudya nsima yace mwamtendere kutali. Bambo uja akadaima pa mthunzi asanalowe m'mudzi, nadziuza yekha kuti, "Ndakwiya, ndacita manyazi, ndiponso ndiri ndi njala," akadalowa m'nyumba akudziwa katundu amene wasenza. Kapena akadanena kwa mkazi wace, "Amace mwana, lero kwandiipira, patseni madzi akumwa, ndiyambe ndapuma." Mtengo wa cimanga ukadakhala womwewo, koma mwana akadagona wopanda mikwingwirima.

Apa ndipo tiona kuti mau oyamba aja aphonya. Mtima wosafunsidwa sukhala cete. Ukamanidwa pakamwa ulankhula ndi dzanja, ulankhula ndi lilime lakuthwa, ulankhula ndi cipanda ca mowa. Ndipo amene amva kulankhula kwace kawiri kawiri ndiwo ofoka a m'nyumba, amene sangathe kubwezera. Munthu amene ayendera khola lace madzulo, naona ngati citseko ciri colimba, acitira cifundo munda wa mnansi wace, cinkana kholalo ndi lace. Momwemonso wofunsa mtima wace asanalowe pakati pa anthu achinjiriza anthuwo. Akulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Ananena zoona, koma masiku ena mtima wako womwe ukhala tsidya lina, ndipo ukapanda kuoloka kukauona udzangomva mbiri yace kwa mkazi wako ndi ana ako, mlandu utacitika kale.

Awiri amene anayenda njira iyi

Mwambo wakudzifunsa madzulo si wa dzulo, ndiponso si wa mtundu umodzi wa anthu. M'mudzi waukulu wa Roma, masiku omwewo a atumwi, munali munthu wanzeru dzina lace Seneca, mphunzitsi ndi nduna ya mfumu Nero, amene anafa m'caka ca 65 mfumu yomweyo itamlamula kuti adziphe. Iye sanali Mkristu, koma mbale wace timdziwa ife owerenga Macitidwe a Atumwi: ndiye Galiyo, kazembe wa Akaya, amene Paulo anaimikidwa pa bwalo lace ku Korinto. Seneca analembera mbale waceyo buku lonena za mkwiyo, ndipo m'menemo asimba cizolowezi cimene anatengera kwa wanzeru wina wakale, dzina lace Sextius. Usiku uli wonse, nyumba itatonthola, anabwerera m'tsiku lace lonse, nayang'ana mau ace ndi nchito zace cimodzi cimodzi. Akapeza kuti anakangana ndi munthu mopitirira muyeso, kapena kuti anadzudzula mnzace mwa njira yakumpweteka m'malo mwa kumkonza, anabvomereza colakwaco, nadzicenjeza za mawa, nadzikhululukira. Anacitanso umboni kuti tulo totsata kudziyesa kotere tikhala tokoma, ndi kuti mkwiyo ufatsa ukadziwa kuti madzulo ali onse udzafunsidwa. Tisunge ici: kudzifunsa kwa Seneca kunali ndi mathero, ndipo mathero ace anali cikhululukiro ndi tulo.

Zitapita zaka zoposa 1,400, msilikari wina wa ku Spain, Ignatius wa ku Loyola, anabvulazidwa pa nkhondo ya ku Pamplona m'mwezi wa May 1521. Cipolopolo ca mzinga cinamtyola mwendo. Anagona miyezi yambiri kwao, wopanda cocita. Anapempha mabuku a nthano za ngwazi, amene anawakonda, koma m'nyumbamo sanapezeke, ndipo anampatsa la moyo wa Kristu ndi la mbiri ya oyera mtima. Pogona pamenepo maganizo ace anayenda njira ziwiri. Nthawi zina analingalira za ulemerero wa dziko ndi za mkazi wina womveka amene anafuna kumkondweretsa. Nthawi zina analingalira zakutsata mapazi a oyera mtima aja. Njira zonse ziwiri zinamkomera pa nthawi yakuganizayo. Koma tsiku lina anazindikira kusiyana kwace: maganizo oyamba aja akatha anamsiya wouma ndi wosakondwa, pamene aciwiriwo akatha cimwemwe cinatsalabe. Kanthu kakang'ono kameneka kanatembenuza moyo wace wonse. Anaphunzira kuti ganizo lidziwika ndi zimene lisiya m'mbuyo, monga cakudya cidziwika ndi m'mimba m'mawa mwace, cinkana cinakoma pakamwa. Ndipo sakadadziwa ici akadapanda kuima ndi kuyang'ana m'kati mwace.

Pambuyo pace analemba buku la malangizo a moyo wauzimu, limene Papa Paul III analibvomereza m'caka ca 1548, ndipo m'menemo anaika njira yakudziyesa ya mbali zisanu: kuyamika pa zabwino zolandiridwa, kupempha cisomo kuti munthu aone bwino, kubwerera m'tsiku ora ndi ora, kupempha cikhululukiro, ndi kutsimikiza mtima za mawa. A gulu lace, Ajezuiti, amene anafika ku Chikuni m'dziko lathu lino m'caka ca 1905, analandira mwambo wakucita ici kawiri pa tsiku, masana ndi usiku, mphindi ngati 15 nthawi iri yonse. Onani kuti coyamba ndico kuyamika. Mtima wotopa uwerenga zotayika zokha, monga mai wotaya nkhuku imodzi aiwala zisanu ndi zinai zimene zalowa m'khola. Woyamba ndi kuyamika aona tsiku lathunthu, zoipa ndi zabwino pamodzi.

Cinthu copanda dzina

Tsono tifike kwa iwo akuti zowawa zicepa ukazinyalanyaza. Zina zicepadi, pakuti si kukhumudwa kuli konse kumene kufuna msonkhano. Koma cimene cibwerabwera, nicikulanda tulo, nicikusintha nkhope, sicicoka cifukwa cakuti wacifulatira. Ali yense wogona m'nyumba ya pa mudzi adziwa m'mene mtima ugundira usiku pakumveka cinthu kuseri kwa nkhokwe. Pamene usanadziwe kuti nciani, cikhala mbala, cikhala fisi, cikhala mfiti. Ukatenga nyali nupeza kuti ndi mbuzi yothawa m'khola, mantha atha pomwepo. Ndipo cinkana upeze kuti ndi mbaladi, udziwa cocita, ufuula anthu adze. Cinthu copanda dzina ciopsa koposa cinthu codziwika.

Ophunzira a masiku athu anayesa ici ndi makina. M'caka ca 2007 Matthew Lieberman ndi anzace a pa yunivesite ya California ku Los Angeles anafalitsa zimene anapeza pa anthu 30. Anawaonetsa zithunzi za nkhope zaukali ndi zamantha, akujambula nchito ya ubongo wao nthawi yomweyo. M'ubongo muli kagawo kakang'ono kochedwa amygdala, kamene kali ngati mlonda wofuula pakuoneka coopsa. Anthuwo poona nkhope zija kagawoka kanadzuka. Koma pamene anauzidwa kusankha liu lochula cimene nkhopeyo iri kuonetsa, kaya mkwiyo kaya mantha, kanafatsa, ndipo mbali ina ya kutsogolo kwa ubongo, imene ithandiza munthu kudziletsa, inagwira nchito koposa. Kuyesa kumodzi kwa anthu owerengeka sikutha nkhani yonse, komabe kugwirizana ndi zimene tiona tokha: munthu wakuti "ndakwiya" wayamba kale kumanga mkwiyo wace cingwe.

Ndipo kuchula dzina loyenera kufunika, pakuti ambiri a ife tidziwa mayankho awiri okha, "ndiri bwino" ndi "sindiri bwino." Pansi pa mkwiyo wa mwamuna kawiri kawiri pali manyazi kapena mantha, pansi pa kulongolola kwa mai pali kutopa kapena kusungulumwa. Mankhwala a manyazi ndi ena, a kutopa ndi ena, ndipo wosadziwa nthenda amwa mankhwala osayenera. Kunena za mwamuna wosalira, kulimba mtima kwace kuoneka pamene atenga nyali natuluka kukaona cimene ciri kuseri kwa nkhokwe. Wofunda kumutu nanena kuti palibe kanthu sitimucha ngwazi.

Kubzikula kosameza

Otsutsa acitatu aja ndiwo ali ndi mau olemera koposa, ndipo Ignatius yemweyo ndiye mboni yao. M'caka ca 1522, ali ku Manresa, kudziyesa kwace kunasanduka msampha. Anali ataulula kale zocimwa za moyo wace wonse, koma mtima unamuuza kuti pali cina cimene anasiya, kapena cimene sanacifotokoze bwino. Anaululanso, nabwerezanso, osapeza mpumulo. Anasala kudya sabata lathunthu. Nsautso inakula kufikira anayesedwa kuti adziponye pansi kucokera pa malo aatali. Anamasuka pamene anazindikira kuti maganizo amenewo sanacokere kwa Mulungu, natsimikiza kuti zakale zimene anaziulula sadzazifukulanso. Cotero munthu amene anaphunzitsa ena kudziyesa anayamba walawa ululu wace.

Kuganiza kotere Azungu akucha ndi liu lotengedwa ku ng'ombe yobzikula. Koma ng'ombe ibzikula, nimeza, ninenepa. Munthu wogwidwa nako atafuna cinthu comweco usana ndi usiku osameza. Anansi athu Ashona akucha kufungisisa, ndiko kuganiza kopitirira. Mphunzitsi wina wa za maganizo, Susan Nolen-Hoeksema, anafunsa ophunzira a pa yunivesite ya Stanford ku America za cizolowezi cao ca kuganiza, ndipo atapita masabata awiri, mu October 1989, cibvomezi cacikulu cinagwedeza dera limenelo. Powafunsanso anapeza kuti aja ozolowera kubzikula zowawa zao ndiwo anatsala ndi cisoni colemera koposa anzao, ngakhale atapita masabata 7. Nthaka inagwedezeka pansi pa onse, koma ena anapitiriza kuigwedeza m'mitu mwao.

Nanga tidzasiyanitsa bwanji kudziyesa kociritsa ndi kubzikula kodwalitsa, popeza zonse ziwiri zicitika munthu atakhala yekha? Zizindikiro ziri zinai. Coyamba, kudziyesa kuli ndi nthawi yace, kuyamba kwace ndi kutha kwace. Mwini nkhokwe atsegula, naona ngati mwalowa anankafumbwe, natsekanso, sagona m'nkhokwemo. Caciwiri ciri m'mafunso. Wobzikula afunsa mafunso opanda yankho: "Cifukwa ninji ine? Ndinalakwanji kuti ndibadwe wotere?" Wodziyesa afunsa oyankhika: "Cacitika nciani? Ndamva ciani? Ndicitenji mawa?" Cacitatu ciri m'kalankhulidwe. Wobzikula alankhula kwa mtima wace monga woweruza amene wagamula mlandu asanamve mboni, koma wodziyesa alankhula monga munthu wodza kudzazonda wodwala, amene afunsa mofatsa, namvetsera. Mau amene simungathe kuwanena kwa mnzanu wogona pa mphasa ya matenda musawanene kwa mtima wanu. Cacinai ndico muyeso wa Ignatius uja, wa zimene ganizo lisiya m'mbuyo. Mukanyamuka muli ndi kamtendere, kapena ndi kanthu kodziwika kocita, mwayenda bwino. Mukaona kuti mdima uli kukula ndipo muli kuzungulira pa malo amodzi, lekani pomwepo. Nyamukani, pitani kumene kuli anthu, kapena gwirani nchito ya manja.

Kacitidwe kace

M'buku loyamba la Mafumu tiwerenga za mneneri Eliya atathawa ukali wa Yezebeli. Analowa m'cipululu yekha, nakhala pansi pa kamtengo, napempha kuti afe. Cimene tiyenera kupenyetsetsa ndico dongosolo la cithandizo cimene analandira. Sanadzudzulidwe. Poyamba anagona tulo, napatsidwa mkate ndi madzi, nagonanso, nadyanso. Atafika ku phiri la Horebu ndipo anafunsidwa za ulendo wace, napatsidwa mpata wakukhuthula zonse za mumtima mwace. Pamenepo ganizo lace lolakwa, lakuti watsala yekha, linakonzedwa pouzidwa kuti alipo ena 7,000. Anapatsidwanso nchito yakucita, ndi Elisa wakuyenda naye. Dongosolo limeneli litikwanira ifenso, ophunzira ndi osaphunzira omwe, pakuti silifuna colembera kapena ndalama.

Sankhani nthawi imodzi yosasinthasintha, ndipo muimangirire ku nchito imene muicita kale masiku onse: mutatseka khola, kapena pobwera ku munda musanalowe m'mudzi. Inu amai, amene mudzuka oyamba ndi kugona otsiriza, mufunsa ali yense ngati wakhuta, koma wofunsa inu palibe. Nthawi yanu ingakhale pa njira ya ku citsime, kapena madzi a nsima asanawire. Khalani pansi kapena imani pa mthunzi. Kokani mpweya pang'ono pang'ono kasanu, mukumva m'mene ulowera ndi m'mene utulukira, ndi m'mene mapazi anu akhudzira nthaka. Maganizo akathawira ku za dzulo kapena za mawa muwabweze mofatsa, monga mbusa abweza mwana wa ng'ombe wopatuka. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Yambani ndi thupi. Ndadya kodi? Ndinagona? Pali pamene pawawa? Nthawi zambiri cimene ticiyesa cidani ndi njala cabe, ndipo mlandu wooneka ngati phiri usiku ukhala culu m'mawa munthu atagona. Mutatero chulani cabwino cimodzi ca tsikulo, cinkana cacing'ono: mvula inagwa, mwana anaseka, mnansi anakubwerekani nkhwangwa. Pamenepo funsani cimene muli kumva, ndipo mucipatse dzina lace lenileni. Tsatani mapazi ace kubwerera m'mbuyo kufikira mutapeza pamene cinalowera, kaya ndi pa msika, kaya ndi pa liu limene apongozi ananena. Yesaninso ganizo limene cabwera nalo, ngati liri loona. Mtima ukati, "Onse andida," muufunse, "Onsewo ndi anthu angati? Chula maina ao." Kawiri kawiri mudzapeza kuti onsewo ndi munthu mmodzi. Potsiriza sankhani cinthu cimodzi cokha cocita mawa: kupepesa mwana, kukafunsa mnzanu cimene anatanthauza, kukakambirana ndi mwini ngongole, kapena kupumula. Zimene simungathe kuzisintha zituleni m'pemphero, ndipo mutseke nkhokwe. Zonsezi sizipitirira mphindi 10 kapena 15.

Musayembekeze zodabwitsa tsiku loyamba. Masiku ena mudzafunsa ndipo mtima sudzayankha kanthu, monga mwana amene sanazolowere kufunsidwa ndi atate wace. Pitirizani, pang'ono pang'ono ndi mtolo. Wocita ici miyezi ingapo ayamba kuona njira zace za iye mwini: kuti akwiya msanga masiku amene sanagone, kuti cisoni cace cibwera mwezi umene anataya mwana, kuti kuceza pa malo akuti kumsiya wouma. Wodziwa pamene mtsinje usefukira samangapo nyumba.

Pamene munthu yekha sakwanira

Komatu tisanamizane kuti kudzifunsa kuciritsa zonse. Pali zaka zimene katundu alemera koposa mphamvu ya munthu mmodzi. Pa 29 February 2024 boma la Zambia linalengeza kuti cirala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, cimanga citauma pa mahekitala ngati 1 miliyoni. Ali yense wa ife akumbukira nkhope za anthu pa nyengo imeneyo. Munthu wotaya mbeu, feteleza ndi thukuta lace lonse safuna mafunso okha; afuna cakudya, ndi anzace omsenzako. Nchito imodzi ya kudzifunsa ndiyo kumdziwitsa munthu msanga kuti nthawi yakuitana ena yafika.

Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa tulo tasowa, cakudya sicilowa, zimene munazikonda sizikukondweretsaninso, ndipo mphamvu yakugwira nchito yatha, pitani ku cipatala mukafotokoze, monga mukadapita ndi malungo. Ngati maganizo akufuna imfa ayamba kufika, musadikire masabata awiriwo. Uzani munthu tsiku lomwelo, ndipo musagone nokha. Nthenda ya cisoni igwira olimba ndi ofoka, opemphera ndi osapemphera, ndipo iri ndi cithandizo cace. Eliya sanali munthu wopanda cikhulupiriro.

Ku Harare, sing'anga wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anaona kuti asing'anga a nchito yace ndi owerengeka pamene osautsidwa ndi ambirimbiri. M'caka ca 2006 anayamba nchito yochedwa Friendship Bench, naphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare kukhala pa benci kunja kwa cipatala ndi kumvetsera anthu obvutika ndi kufungisisa. Agogowo sapereka mankhwala, ndipo sagamula mlandu. Amvetsera, nathandiza munthu kuchula mabvuto ace limodzi limodzi, kusankhapo limodzi, ndi kupeza cocita. Pa kuyesa kumene kunafalitsidwa m'caka ca 2016, kwa anthu 573, anapeza kuti itapita miyezi 6, mwa anthu 100 ali onse okhala pa benci, ngati 14 okha ndiwo anatsala ndi zizindikiro za nthenda ya cisoni, pamene mwa osakhalapo anali ngati 50. Taonani kuti nchito ya pa benciyo ndi yomwe ija ya madzulo, kungoti aicita anthu awiri. John Wesley nayenso, m'caka ca 1738, anakonza malamulo a timagulu tating'ono tokomana sabata ndi sabata, kuti ali yense anene poyera m'mene mtima wace uliri. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo munthu amene wazolowera kudzifunsa yekha ndiye adziwa cakunena akapeza womvetsera, ndiponso adziwa kumvetsera mnzace osamdula mau.

Cotero yankho lathu pa funso lija ndi inde, nkoyenera. Nkoyenera cifukwa ca mwana wonyamula madzi osamba m'manja, amene sayenera kulipira mlandu wa wogula cimanga. Koma kukhale kwa nthawi yocepa, koona, kofatsa, ndi kotsiriza pa nchito kapena pa khomo la mnzako. Malonje enieni tiwadziwa ndi ici, kuti wofunsayo aima nadikira yankho. Wofunsa akuyenda tidziwa kuti angokwaniritsa mwambo. Usiku uno, mutatseka khola ndi ana atagona, funsani mtima wanu kuti wacoma bwanji, ndipo muime, mudikire, mumve cimene udzanena.